Chikhakha cha Kumanzere

Jenkins atalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 1987, anabwerera kwawo kwa Lipinga ali wotsimikiza kuti sakhalitsa. Sutikesi sanaimasule n'komwe, anangoikankhira kunsi kwa bedi. Ankati dziko lili ndi njala ya anthu ophunzira, ndipo kalata yomuitana ku Zomba kapena ku Blantyre ili kale m'njira. Masabata anatsatana, kalata osafika. Ntchito yokhayo imene dziko linamupezera inali yopalasa njinga.

Mlongo wake wamkulu, Maud, anali ndi khanda la miyezi inayi, dzina lake Esitere. Mwanayo anabadwa ndi mapazi opindikira m'kati, onse awiri, zidendene zili m'mwamba, kunsi kwa mapazi kukuyang'anizana ngati munthu wofuna kuomba m'manja. Bambo a mwanayo, a Marko, anali kumigodi ku Joni. Bambo ake a Jenkins anali atamwalira kale. Choncho amayi ake anamuuza mosapita m'mbali:

"Ndiwe malume tsopano. Mbumba iyi ndi yako. Lachiwiri lililonse uzimutengera mlongo wako kuchipatala."

Mawu oti malume anamukomera m'khutu, koma mtunda wake ndiwo ayi. Chipatala cha mishoni chinali pa mamailosi asanu ndi anayi, ndipo theka la njirayo linali mchenga wokhawokha, uja umameza tayala ngati wagona ndi njala. Maud ankakhala pakaliyala, Esitere kumsana, Jenkins kutsogolo thukuta lili kamukamu, akudzifunsa ngati munthu amaloweza mayina a mitsinje ya ku Canada kuti adzathere pano. Pamlatho wa matabwa ankatsika kuonetsa makhadi a chipani kwa anyamata a malaya ofiira, n'kukweranso.

Ana a mapazi ankawaona m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Mwini kachipindako anali Che Uladi, mkulu wa ndevu zaimvi amene anthu onse ankawatchula adokotala, ngakhale iwo ankakana kuti ndi wothandizira chabe. Ankatenga kaphazi ka Esitere m'manja mwawo, n'kuika chala chachikulu kunja kwa kakolo, n'kuyamba kukatembenuzira kunja pang'onopang'ono, kwinaku akuimba chapansipansi m'Chiyao. Kakafika pamene kangafike tsikulo, namwino ankakulunga thonje, kenako mabandeji a ufa woyera onyikidwa m'madzi, kuyambira kuzala mpaka m'ntchafu, bondo lili chipindire. Pakapita kanthawi zinkauma gwa. Chimenecho ndiye chikhakha. Sabata yotsatira ankachidula, n'kutembenuzanso phazi pang'ono, n'kumanga china.

"Phazi la khanda ndi dongo," ankatero Che Uladi. "Likadali lofewa limamvera. Koma saliumba tsiku limodzi."

Anawauzanso kuti dokotala wa mafupa amabwera kuchokera ku Blantyre kamodzi pa miyezi itatu, ndipo afika pa 20 Okutobala. Mapazi akadzakhala atawongoka mokwanira pofika tsikulo, dokotalayo adzadula kamtsempha ka kuseri kwa chidendene kuti chidendenecho chitsike, mwana adzaponde pansi ngati anzake. Akadzawapeza osakonzeka, ndiye kudikira mpaka Januwale, mwana akukula, mafupa akukhwima. Maud tsikulo analisunga mumtima ngati tsiku la ukwati. Jenkins analimva ndithu, koma maso ake anali kwina.

Namwino wokulunga thonje uja dzina lake linali Celestina. Anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndi kawotchi kolendewera pachifuwa. Lachiwiri loyamba Jenkins anapita kuchipatala akung'ung'udza. Lachiwiri lachiwiri anadzuka tambala asanalire, napopa matayala, napukuta masipoko amodziamodzi, n'kudzola mafuta m'mutu mpaka ntchentche zinayamba kumutsata.

"Kodi tikupita kuchipatala kapena kuchinkhoswe?" anafunsa Maud.

"Ukhondo, achemwali. Tinaphunzira."

Ntchito yake m'kachipinda muja inali yogwira ntchafu ya mwana kuti asaphiriphithe. Celestina ankangoti, "Gwirani bwino, amalume," ndipo mawu atatu amenewo Jenkins ankawadya sabata yathunthu, m'mawa, masana ndi madzulo. Akamaliza kumanga, namwinoyo ankanena malamulo, omwewo sabata iliyonse, kwa mayi aliyense.

"Chikhakha chisanyowe. Zala zonse zisanu zizioneka nthawi zonse. Mukaona zatupa, zazizira, kapena zalowa m'kati, musadikire Lachiwiri. Bwerani tsiku lomwelo."

Jenkins anawaloweza msanga kuposa mmene analowezera china chilichonse pa zaka zinayi za sekondale. Ankawabwereza akupalasa njinga. Ankalumbira mumtima kuti ponena kuti "bwerani tsiku lomwelo" Celestina amayang'ana iye. Kuti kumbuyo kwake kunali zenera loonetsa mzere wa odikira, iye sanazilabadire.

Lachiwiri lachisanu kunachitika chozizwa. Celestina akupukuta m'manja anatembenuka.

"Amalume, paja munali pa sukulu iti?"

Jenkins anatsegula pakamwa. Dzina la sukulu imene anagonapo zaka zinayi, imene anaidyera nyemba zofumbwa, linathawa osatsanzika.

"Ya... ya sekondale," anatero.

"Oo," anatero Celestina, n'kuitana mayi wotsatira.

Yankho lenileni linamupeza pamlatho, akubwezera khadi m'thumba. Linabwera lathunthu, lokongola: dzina la sukulu, maphunziro amene ankakhoza, zoti naye akufuna kudzakhala dokotala, ndi mawu awiri a Chingerezi oika pamapeto ngati mchere. Pofika pakati pa mchenga Celestina anali atamwetulira. Pofika pamsika anali atakamuonetsa kwa makolo ake. Pofika kunyumba anali ndi nyumba ya malata ku Boma ndi ana atatu, onse a kampata m'mano. Chotsala chinali chimodzi chokha, kukanena yankholo. Koma Lachiwiri linali kutali ngati kutsidya kwa nyanja.

Lachisanu amayi onse a m'mudzi anaitanidwa kubwalo la sukulu kukayeserera magule a chipani, pokonzekera Tsiku la Anakubala. Kumeneko munthu sankati ndadwala mutu. Maud anamanga nsalu yake ya chipani, nayamwitsa mwana, n'kunena kuti sangavine tsiku lonse padzuwa zikhakha ziwiri zikumugunda m'nthiti.

"Umuyang'anire. Phala lili m'kapu. Ndipo madzi, Jenkins, ngakhale dontho."

"Achemwali, mukuuza ine? Malamulo aja ndimawadziwa kuposa inu."

Ankanena zoona, ndipo vuto linagona pomwepo.

Anakhala pakhonde mwana ali pamiyendo, ng'oma zikumveka chapatali. Mutu wophunzira ukasowa ntchito umadzipezera wokha. Lamulo likuti chikhakha chisanyowe, anaganiza Jenkins. Nanga chitanyowa mwangozi? Munthu wanzeru sadikira Lachiwiri. Amapita mawa lomwe, Loweruka, tsiku lopanda mzere, namwino ali ndi mpata wocheza. Achidula, amanga china, basi. Mwana ataya chiyani? Mwinanso apindula, pakuti phazi litembenuzidwa kawiri m'sabata imodzi. Atafika pamenepa Jenkins anadziona ngati munthu amene akufulumizitsa sayansi.

Anatunga madzi m'kapu ya tini.

"Pepa, muphwa wanga," anatero. "Ukadzakula udzamvetsa."

Anathira pang'ono pachidendene cha kumanzere. Chikhakha chinamwa madziwo ngati mchenga, osasintha nkhope. Anathiranso. Anakanikiza ndi chala, chidakali gwa. Munthu wina akanaona pamenepo kuti Mulungu akumupatsa mpata woleka. Jenkins anakatenga beseni. Anaviika chidendene chonse, n'kumayang'ana tithovu tikukwera. Esitere anaseka, akumenya madzi ndi mwendo wolemerawo, ndipo malume wake anati nayenso wavomereza. Atachivuula, chidendenecho chinali chofewa ngati mbatata yophika.

Anataya madzi kuseri kwa nyumba, nagoneka mwana, n'kukoleza makala a simbi. Malaya ake oyera a kusukulu anawasita mpaka kolala inaima yokha.

Maud anafika dzuwa litapendeka, mawu atasasa, mapazi ali mbuu. Atangonyamula mwana, anakuwa.

"Mayo! Amayi, tabwerani! Chafewa!"

"Ndaona nanenso," anatero Jenkins, nkhope ili ngati ya m'busa pamaliro. "Kaya ndi mkodzo. Palibe kuchitira mwina, achemwali, mawa m'mawa tipite."

"Tipite kuti? Kwa Che Uladi?" Maud anagwira pakamwa. "Sunawamve sabata yatha mmene anamukalipira mayi wa kwa Mponda uja? Ati, kodi mwabereka mwana kapena chambo, kuti azikhala m'madzi? Khonde lonse linaseka. Ine ayi. Ndinamangira thewera molakwika ndine, ndikudziwa. Koma kukandiseka anthu ayi."

"Koma lamulo likuti..."

"Takhala chete iwe ndi malamulo ako," anatero amayi, akukanikiza chikhakhacho ndi chala ngati akuyesa nsomba pamsika. "Usipa ukanyowa timataya? Timayanika."

Anayala mkeka pafupi ndi thandala loyanikapo usipa, nagoneka mwana, nkhope ataitchinga ndi ambulera, mwendo wa kumanzere uli padzuwa. Amayi anatereka kaphala ka ufa wa kondowole, kolimba, kaja amamatira nako mabuku ong'ambika a ana a sukulu. Anakamata pachidendene, nakulunga kansalu kong'amba pa shiti yakale, namatanso pamwamba. Mawa lake m'mawa anayanikanso. Pofika masana a Loweruka chikhakha cha kumanzere chinali chitauma gwa, kuposa chinzake.

"Waona?" anatero amayi, akugogoda ndi chikhadabo. "Che Uladi azingoti ndi ntchito yawo yomwe."

Jenkins anakakhala pansi pa mtengo wa mango, malaya ositawo ali chipachikire pamsomali m'nyumba. Anadzimvera chisoni kwambiri. Anaona kuti palibe munthu padziko amene chikondi chake chinalepheretsedwapo ndi kondowole, koma iye yekha. Esitere analira pafupifupi tsiku lonselo, ndipo amayi anati ndi m'mimba. Jenkins kulirako anakumva, koma anali wotanganidwa ndi mabala a mtima wake.

Lamulungu m'mawa, belu loyamba la tchalitchi litalira, Maud anamupatsira Jenkins mwana kuti amange duku. Mwanayo anali atatopa n'kulira, akungosisima. Maso a Jenkins anagwera pamapazi. Kumanja zala zisanu zinali poyera, zikugwedezeka. Kumanzere kunkangooneka kansonga ka chala chachikulu. Zina zinayi zinali zitalowa m'kati.

Anapisa chala chake pakamwa pa chikhakha, nakhudza tizala tija. Tinali totupa, ndipo mwana anakuwa ngati wamutentha ndi moto. Apo Jenkins anamvetsa zimene zinachitika. Chidendene cha chikhakha chitafewa chinataya maumbidwe ake aja ogwira phazi. Kondowole anangoumitsa kunja. Chikhakha chinatsetsereka, phazi n'kubwerera m'kati, ndipo tsopano linali kufinyidwa pamalo olakwika.

"Achemwali, zala zalowa. Tiyeni kuchipatala, pompano."

Maud anayang'ana, n'kuyang'ananso kumbali.

"Lachiwiri ndi mkuja."

"Anati tisadikire. Tsiku lomwelo."

"Ndikayambire pati?" Misozi inayamba kutsika. "Adzaona kansalu aka. Adzati ndinanyowetsa, kenako ndinabisa. Nkhani idzafika kwa apongozi, apongozi alembere a Marko kuti mkazi wako akulephera ngakhale kumanga thewera. Masiku awiri awa sindinagone ine, ndikungodzitukwana. Tidikire mkuja, mwina zala zituluka zokha."

"Tipite kaye kutchalitchi," anatero amayi. "Tikabwerako tiona."

Jenkins anayesa njira zonse zotsika mtengo. Anati adzalankhula ndi Che Uladi iyeyo, monga mwini mbumba. Anati magazi akaleka kuyenda chala chimafa, anaphunzira m'kalasi. Maud anangopukusa mutu, akulira, akubwereza kuti mlandu ndi wake, manyazi ndi ake, asiyeni. Belu lachiwiri linalira. Amayi anatola buku lawo la nyimbo. Panatsala njira imodzi yokha, yodula ija.

"Si thewera," anatero Jenkins. Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa sitandade wani. "Ndinaviika ndine. M'beseni. Dala."

Maud anadzutsa mutu.

"Dala?" anatero Maud.

"Ndimafuna tipite Loweruka."

"Kukatani?"

Jenkins anayang'ana pansi. Maud anayang'ana nkhope yake, kenako kudzera pachitseko anaona malaya oyera aja pamsomali, kolala ili chilili. Sanafunsenso. Sanamumenye, ngakhale Jenkins akanakonda kumenyedwa. Anangomulanda mwana m'manja, namubereka, n'kumanga mfundo mwamphamvu.

Amayi anaika buku la nyimbo pampando.

"Bambo ako anagulitsa ukonde kuti iwe upite kusukulu," anatero pang'onopang'ono. "Ukondewo bola unkabweretsa ndiwo. Tulutsa njinga."

Njira yonse Maud sanagwire m'chiuno mwa mlongo wake monga mwa masiku onse, anagwira chitsulo cha kaliyala. Jenkins anapalasa mumchenga osatsika ngakhale kamodzi, chinthu chimene anali asanachitepo.

Kuchipatala kunali bata la Lamulungu. Namwino amene anali pantchito, mwa anamwino onse a pamalopo, anali Celestina. Atangoona phazilo anatuma mlonda kukaitana Che Uladi kunyumba. Anafika atavala mkanjo, m'manja muli lumo lalikulu lodulira chikhakha. Atayamba kudula anaima, nanunkhiza.

"Ichi n'chiyani? Chinangwa?"

Chikhakha chitatseguka, kaphazi kanaoneka kotupa, ndipo pamwamba pake, pamene m'mphepete mwa chikhakha munkakanikiza, panali chilonda chofiira, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Che Uladi anatsina zala chimodzichimodzi, akuyang'ana ngati magazi akubwerera. Anabwerera, mochedwa. Mkuluyo anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa Maud.

"Mayi, ndimalankhula Chichewa, ndimalankhula Chiyao. Mukufuna ndizilankhula chiyani kuti mumve? Mwanache uyu mukanafika naye Lachiwiri, tikanakamba za zala zingati zatsala. Mwanyowetsa, kenako mwaphika nsima pamwamba..."

"Si iwowa," anatero Jenkins. "Madzi ndinathira ndine. Sinali ngozi."

Che Uladi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Walahi. Chifukwa?"

Jenkins anafunafuna mawu. Yankho lokongola la pamlatho lija linali likadali m'mutu mwake, lathunthu, ndi Chingerezi chake chomwe, koma silinali la funso limeneli.

"Auze, malume," anatero Maud. Anali mawu ake oyamba chichokere kunyumba. "Walephera? Ndinena ndine. Lachiwiri linamutalikira. Amafuna adzaone anesi awa."

Celestina anali ataweramira pa mbale ya mankhwala. Anadzuka, thonje lili m'manja.

"Ine?"

Celestina anamuyang'ana Jenkins, ndipo aka kanali koyamba kumuyang'anitsitsa. Jenkins anali ataganizirapo za mphindi imeneyi kambirimbiri, koma m'maganizo mwakemo nkhope ya namwinoyo sinkaoneka chonchi.

"Awa ndi aja amagwira mwendo aja?" anafunsa Celestina kwa Maud. "Dzina lawo ndani?"

"Musalivutikire," anatero Maud.

Che Uladi sanaseke, sanakalipenso. Anatsuka chilondacho, napaka mankhwala, n'kumanga kabandeji kopepuka. Ankalankhula akugwira ntchito, maso ali paphazi.

"Pachilonda sitimanga chikhakha. Tidikira chipole, kaya masabata awiri. Masiku onsewo phazi lizibwerera kumene linachokera, pakuti limakumbuka kwawo. Ntchito ya masabata asanu yathera m'beseni." Anadzutsa mutu. "Che Fomu 4, mumafuna kubwera kawirikawiri. Mulungu wamva. Chilonda ichi tizitsuka tsiku lina, tsiku lina ayi. Ndipo bwerani kuno, patseni dzanja."

Anagwira dzanja la Jenkins, naika chala chake chachikulu kunja kwa kakolo ka mwana, dzanja linalo pansi pa zala.

"Kankhirani kunja. Pang'ono! Simukukankha bwato. Mukamva lakana, imani pomwepo, muwerenge mpaka makumi awiri, mulisiye. Nthawi iliyonse mayi akasintha thewera. Silipita patsogolo ndi manja anuwo, koma mwina silibwerera kwambiri. Mukachita phuma, muthyola."

Choncho Jenkins analandira chimene anapempha. Lolemba anali panjira, Lachitatu anali panjira, Lachisanu chimodzimodzi, kuwonjezapo Lachiwiri la phazi la kumanja, dzuwa la Okutobala likuwotcha mchenga mpaka matayala kununkha. Anyamata a pamlatho anasiya kumufunsa khadi, ankangomukweza dzanja. Celestina ankamuona kanayi pa sabata. Namwinoyo ankapatsa moni Maud, n'kupatsa moni mwana, akafika pa iye ankangoloza ndi chibwano pamene agwire. Mawu atatu aja anatha. Nkhani inali itazungulira chipatala chonse, ndipo amayi a pakhonde akamuona akutsika panjinga ankaphimba zikhakha za ana awo ndi nsalu.

"Bisani, wafika wa beseni uja!"

Kunyumba, Maud akangomasula thewera, ankakuwa osatchula dzina: "Phazi!" Jenkins ankasiya chilichonse n'kubwera. Ankagwada pamkeka, n'kugwira monga anamuonetsera, n'kuwerenga. Makumi awiri ndi nambala yaing'ono, koma kwa munthu wobadwa ndi phuma inali ulendo. Kangapo dzanja linkafuna kukankha mopitirira kuti ntchito ithe lero lomwe, ndipo ankachita kudziluma mlomo. Esitere, amene sankadziwa mlandu wa malume wake, ankamugwira khutu n'kumaseka.

Chilonda chinapola patatha masabata awiri. Che Uladi anakwanitsa kumanga chikhakha chimodzi chokha cha kumanzere tsiku lija lisanafike.

Pa 20 Okutobala khonde linadzaza kusanache bwino. Panali ana a ndodo, ana a zitsulo m'miyendo, makanda a zikhakha, ena ochokera kutali ngati ku Makanjira. Galimoto ya dokotala inafika ili fumbi lokhalokha. Esitere anaitanidwa dzuwa lili pamutu. Che Uladi anali atadula kale zikhakha zonse ziwiri.

Dokotalayo anali munthu wamfupi, wosachulutsa mawu. Anatenga phazi la kumanja, nalitembenuzira kunja, ndipo linapita mosavuta. Analikankhira m'mwamba, chidendene n'kukana.

"Ili lakonzeka. Tidula mtsempha lero."

Anatenga la kumanzere. Phazilo linayenda, linayendanso pang'ono, kenako linaima. Dokotala anayesanso, nasisita ndi chala kachipsera kaja, nayang'ana Che Uladi. Che Uladi ananena mawu ochepa m'Chingerezi, motsitsa, ndipo Jenkins, mwa tsoka la kuphunzira, anawamva onse.

"Ili ayi," anatero dokotala. "Ndikadula lero, ndingoliwononga. Lipitirize zikhakha, tidzalione mu Januwale."

"Koma lidzawongoka, adokotala?" anafunsa Maud.

"Lidakali ndi mwayi. Silinabwerere kwambiri monga ndimaopera. Koma musadumphe sabata ngakhale imodzi, kugwe mvula kaya kusagwe. Akayamba kuimirira lisanawongoke, aziponda ndi m'mbali, ndiye tidzakamba za opaleshoni yaikulu."

Anamutenga mwana kupita naye m'kati. Maud ndi Jenkins anatuluka, nakhala pansi pakhonde, msana kukhoma. Maud anali atanyamula nsalu yoberekera yopanda kanthu, akuipinda, n'kuifunyulula, n'kuipindanso. Kenako anayamba kuwerenga pa zala, milomo ikuyenda.

"Khumi ndi atatu," anatero. "Malachiwiri khumi ndi atatu. Lero ndikanakhala nditamaliza ine."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Sukudziwa kanthu. Chaka chatha mu Disembala madzi anakokolola mlatho uja, iwe uli kusukulu. Anthu ankaoloka madzi ali m'chifuwa."

"Tidzaoloka."

"Ndi chikhakha? Chosafuna ngakhale dontho?"

"Ndidzamusenza pamutu. Kenako ndidzabwerera kudzatenga njinga. Kenako inuyo."

Maud anatembenuka, nayang'ana miyendo ya mlongo wake, yowonda ngati mabango, yotuwa ndi fumbi. Kukamwa kwake kunagwedezeka pang'ono, koma sanalole kuseka.

"Ine ndidzaoloka ndekha," anatero. "Iwe udzangoona kuti usaterereke."

M'kati mwana analira kamodzi, mokweza, ndipo onse awiri anaimirira.